Momwe Mungaphunzitsire Kwaya Kuyimba Mawu Anayi Popanda Choyimbira

Gulu la anthu oyimba popanda gitala, kiyibodi kapena limba lilibe pobisala. Choyimbira chikakhalapo chimawanyamula oyimba: akatsika chimawakweza, akachedwa chimawakoka, ndipo zolakwa zing'onozing'ono zimamira m'phokoso lake. Chikachotsedwa, chotsala ndi makutu a oyimbawo basi. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti ntchito yaikulu ya woyimbitsa kwaya yotere ndi kuphunzitsa anthu kumvetsera anzawo pa nthawi imene iwo eni akuyimba, pakuti kutulutsa mawu ambiri amafika akukudziwa kale. Malangizo amene ali m'munsimu onse atsamira pa mfundo imeneyi, ndipo alembedwera anthu wamba amene amayimba chifukwa chokonda nyimbo, amene ambiri mwa iwo sanakhalepo m'kalasi ya maphunziro a zoyimba.

Kumva aliyense ndi kugawa magulu

Musanasankhe nyimbo ina iliyonse, mverani munthu aliyense payekha, ndipo chitani zimenezi poduka mphepo, chifukwa anthu ambiri amene amayimba bwino m'gulu amauma pakhosi akaimiritsidwa pamaso pa anzawo. Mupempheni ayimbe kanyimbo kamene akukadziwa bwino, kenako mumuyambitsenso kanyimbo komweko chokwererako, ndiponso chotsikirako, mpaka mutapeza pamene mawu ake akutuluka momasuka. Liwu lapamwamba kwambiri limene munthu angalifike atadzikakamiza silikuuzani zambiri. Chofunika kudziwa ndi chigawo chimene angakhalemo kwa ola lathunthu osatopa.

Magulu odziwika ndi anayi: sopulano, alito, tena ndi besi. Ngati muli ndi kiyibodi yoyesera, pezani C wapakati, amene ndi notsi ya C yopezeka cha pakatikati pa kiyibodiyo, ndipo muyezere kuchokera pamenepo, mukukumbukira kuti okutevi ndi mtunda wochokera pa do kukafika pa do wotsatira. Sopulano wamba amayimba momasuka kuchokera pa C ameneyu kukwera okutevi imodzi ndi theka, kukafika cha pa F kapena G. Alito amayambira pa G wa m'munsi mwa C wapakati n'kukwera mpaka okutevi imodzi pamwamba pa C yemweyo. Tena amayambira okutevi imodzi pansi pa C wapakati n'kufika pa F kapena G wa pamwamba pake, pamene besi amayambira okutevi imodzi ndi theka pansi n'kulekezera cha pa C wapakatiyo. Awa ndi malire ongokutsogolerani, ndipo oyimba ongoyamba kumene amakhala ndi chigawo chocheperako.

Cholakwa chimene chimabwerezedwa m'makwaya ambiri ndi kuika ku alito mkazi aliyense amene amagwira nyimbo msanga, n'kusiya ku sopulano onse amene satha kuyimba china choposa chuni. Zimaoneka ngati nzeru poyamba, koma mkazi wa mawu apamwamba amene wakhala zaka zingapo akuyimbira pansi amataya mawu ake okwera, ndipo sopulano imasanduka gulu la anthu osaphunzira kumva. Gawani motsatira mawu a munthu. Vuto lina ndi kuchepa kwa matena, chifukwa amuna ambiri ali ndi mawu apakati, osakwera ngati tena ndiponso osazama ngati besi weniweni. Musawaumirize kukuwa. Akazi a mawu ozama akhoza kuthandiza ku tena, ndipo zilipo nyimbo zambiri zokonzedwera magulu atatu okha, sopulano, alito ndi amuna onse pamodzi, zimene zimamveka bwino kuposa magulu anayi amene limodzi likuvutika. Anyamata amene akutha msinkhu muziwayesanso pakapita miyezi ingapo, popeza mawu awo amasuntha, ndipo asayimbe liwu lililonse limene likuwapweteka pakhosi.

Pa za chiwerengero, yesetsani kukhala ndi anthu osachepera atatu m'gulu lililonse. Anthu awiri akasiyana pang'ono chabe, kusiyanako kumamveka poyera, koma wachitatu amafafaniza kusiyanako, ndipo mmodzi akadwala gulu silifa. Besi isakhale yochepa mphamvu, chifukwa magulu enawo amayeza mawu awo pa iyo. Oyimba isicathamiya, mwambo umene unakulira pakati pa amuna a Chizulu ogwira ntchito kutali ndi kwawo, amene ankagona m'mahositelo a ku Durban ndi Johannesburg n'kumachita mipikisano usiku wa Loweruka mpaka mbandakucha, amaika oyimba besi ambiri kuposa magulu ena onse, ndipo aliyense amene anamvapo gulu la ku South Africa la Ladysmith Black Mambazo amadziwa kudzaza kwa mawu kumene kumachokera pa kagawidwe kameneka. Kwaya ya masopulano makumi awiri ndi mabesi awiri iyenera kuphunzitsa masopulanowo kuyimba chapansipansi, kopanda kutero besi siidzamveka.

Adzabweranso munthu amene satha kugwira liwu limene mwamupatsa. Musafulumire kumuuza kuti azingoyendetsa milomo, pakuti anthu amene khutu lawo silitha konse kusiyanitsa kukwera ndi kutsika kwa mawu ndi ochepa kwambiri, ndipo ambiri amangokhala kuti sanazolowere. Mulekeni iye atulutse liwu lililonse, inu mulipeze n'kuliyimba naye mpaka amve mmene mawu awiri ogwirizana amamvekera, kenako muzisuntha naye pang'onopang'ono chokwera ndi chotsika. M'kwaya muzimuimika pakati pa oyimba awiri okhazikika.

Nyimbo zoyambira

Kwaya yatsopano isayambire pa nyimbo yolemera ya magulu anayi. Choyamba ndi kuphunzira kukhala pa mzere wako pamene mnzako wa pambali akuyimba zina, ndipo njira yachidule ndi nyimbo zotsatizana, zija gulu loyamba limayamba chuni, lachiwiri n'kuyamba chuni chomwecho mochedwerapo, lachitatu mochedwerapo kuposa apo. Aliyense amaphunzira chinthu chimodzi, koma makutu amamva zitatu. Njira ina ndi yakuti gulu limodzi ligwire do osasuntha pamene lina likuyimba chuni pamwamba pake, kenako asinthane. Zimaoneka ngati zachibwana, komabe palibe chimene chimaphunzitsa msanga kuposa ichi kumva pamene kwawo kwa nyimbo kuli.

Mukatero, pitani ku nyimbo zimene magulu onse amatchula mawu nthawi imodzi, monga mmene nyimbo zambiri za m'mabuku a mipingo zinalembedwera. Nyimbo zimene gulu lililonse limalowa pa nthawi yake, kuthamangitsana ndi kupingasana, zibwere pambuyo. Zamtundu umenewu zotchuka ndi ma madrigal, amene anakula ku Italy m'zaka za m'ma 1500 n'kufalikira ku England chakumapeto kwa zaka zomwezo, ndipo ambiri ankayimbidwa ndi anthu ochepa m'nyumba, pocheza, osati pamaso pa khamu. Nyimbozi zinkasindikizidwa m'timabuku tosiyana, kena ka tena, kena ka besi, kotero kuti woyimba ankaona mzere wake wokha, ndipo kuti adziwe polowera ankadalira kuwerenga nthawi ndi kumva anzake. Mukhoza kubwereka nzeru imeneyi: nthawi zina auzeni oyimba atseke mapepala n'kulowa pongomva gulu limene limawatsogolera.

Sankhani nyimbo zimene liwu lake lapamwamba ndi lapansi lili m'malire a oyimba amene muli nawo lero. Dziwaninso kuti nyimbo zolembedwa posachedwa zili ndi eni ake. M'mayiko ambiri lamulo limateteza nyimbo kwa zaka 50 kapena 70 wolemba atamwalira, choncho pemphani chilolezo musanachulukitse mapepala kapena kujambula nyimboyo kuti muigulitse.

Solofa ndi kuphunzira ndi khutu

Ngati pali chida chimodzi chimene ndingalimbikitse kwaya iliyonse ya anthu wamba kuchiphunzira, ndi solofa. Ku Ulaya, kutcha manotsi ndi maphatikizo kunayamba ndi Guido wa ku Arezzo ku Italy m'zaka za m'ma 1000, koma njira imene makwaya ambiri amagwiritsa ntchito inakonzedwa ku England ndi Sarah Glover wa ku Norwich, ndipo m'busa John Curwen anaikulitsa n'kuifalitsa kuyambira m'ma 1840, cholinga chake chili chakuti ana ndi anthu ogwira ntchito aziwerenga nyimbo popanda kuphunzira manotsi a pa mizere isanu. Ubwino wake wagona pakuti do amasuntha: kiyi iliyonse imene mwasankha, liwu lake loyambira limatchedwa do, ndipo mtunda wochokera pa do kupita pa so umakhala womwewo nthawi zonse. Woyimba amaphunzira ubale wa mawu, umene ndi womwe ukufunika pamene palibe choyimbira. Kalembedwe kake n'kosavuta. Zilembo d r m f s l t zimaimira manotsi do, re, mi, fa, so, la ndi ti, mzere woimirira umaonetsa biti yamphamvu (biti ndi kugunda kumene timawerengera nthawi ya nyimbo), timadontho tiwiri timalekanitsa mabiti, kadontho kamodzi kamagawa biti pawiri, kamzere kogona kamatanthauza kuti notsi ipitirire, ndipo malo opanda kanthu ndi popumira. Fa akakwezedwa theka la sitepe, umene ndi mtunda wochepetsetsa pakati pa manotsi awiri oyandikana pa kiyibodi, amatchedwa fe, ndipo ti akatsitsidwa theka amatchedwa ta. Zizindikiro za manja za Curwen, chibakera cha do ndi chikhatho chogona cha mi ndi zina zotero, zimakuthandizani kuyimbitsa gulu popanda bolodi.

Izi sizikutanthauza kuti kwaya yosawerenga ndi yoperewera. Ku dziko la Georgia, anthu akhala akupatsirana ndi pakamwa nyimbo zovuta za mawu atatu kwa mibadwo yambiri, ndipo UNESCO inazindikira mwambo umenewu mu 2001. Chimene solofa imachita ndi kufupikitsa nthawi yophunzira ndi kusunga nyimbo kuti isasinthe woyimbitsa akachoka. Mphindi zisanu pa pulakatisi iliyonse n'zokwanira, malinga musadumphe.

Kuphunzitsa nyimbo yatsopano

Yambani ndi mawu a nyimboyo. Awerengeni mokweza, fotokozani tanthauzo lake, makamaka ngati ali m'chilankhulo chimene oyimba sachidziwa, kenako onse awalankhule motsatira mabiti akuomba m'manja chapansipansi. Chuni achiphunzire onse, amuna ndi akazi omwe, chifukwa alito amene sadziwa chuni sadziwa chimene akuchikongoletsa. Mukatero phunzitsani besi, kenako tena ndi alito, ndipo sopulano ikhale yomaliza kusamalidwa popeza mzere wake ndi umene umalowa msanga m'mutu. Phunzitsani chiganizo chimodzi cha nyimbo nthawi imodzi: inu muyimbe, iwo abwereze, ndipo pamene akubwereza inu mukhale chete, pakuti woyimbitsa amene akuyimba nawo samva zolakwa, ndipo oyimba amazolowera kumutsamira.

Musadikire kuti gulu lililonse lidziwe nyimbo yonse musanaphatikize. Chiganizo chikangogwidwa, phatikizani besi ndi sopulano, kenako besi ndi tena, alito ndi tena, alito ndi sopulano, musanawaike onse pamodzi. Kuphatikiza awiriawiri kotereku ndi kumene kumaulula pamene pali vuto. Magulu amene akudikira asakhale osachita kanthu, chifukwa ndi pamene macheza amayambira. Aziyimba mzere wawo chotseka pakamwa, kapena azimvetsera n'kukuuzani ngati anzawo afika bwino pa notsi yovuta. Nthawi zina yambirani kumapeto kwa nyimbo n'kumabwerera m'mbuyo chiganizo ndi chiganizo. Makwaya ambiri amadziwa tsamba loyamba bwino kwambiri n'kumazandima pa lomaliza, chifukwa tsiku lililonse amayambira poyamba ndipo nthawi imatha asanafike kumapeto. Cholakwa chikonzeni tsiku lomwelo. Notsi yolakwika imene yayimbidwa kwa milungu itatu imavuta kuizula kuposa kuphunzitsa nyimbo yatsopano.

Kiyi, ndi chifukwa chimene imatsikira

Kiyi isamaperekedwe mongoganizira. Woyimbitsa amene amaitola m'mutu amaikweza akakhala ndi mantha n'kuitsitsa akatopa, ndipo ovutika amakhala masopulano kapena mabesi. Gwiritsani ntchito kachitoliro kopereka kiyi, pulogalamu ya pa foni, kapena kachitsulo ka mphanda kamene kamalira A wogwedezeka ka 440 pa sekondi, muyeso umene unavomerezedwa pa msonkhano wa mayiko ku London mu 1939. Lembani kiyi ya nyimbo iliyonse papepala. Perekani do yekha, ndipo gulu lililonse liphunzire kupeza notsi yake yoyambira kuchokera pa do ameneyo. Poyamba aziyimba kodi yoyamba (kodi ndi manotsi angapo oyimbidwa nthawi imodzi) chotseka pakamwa musanayambe, koma pakapita nthawi aziimva mumtima chabe. Nyimbo ikatha, lizaninso kachitoliro kuti onse amve ngati atsirizira pamene anayambira.

Kawirikawiri mudzapeza kuti atsika. Ili ndi vuto lalikulu kuposa onse m'kuyimba kopanda choyimbira, ndipo kukalipa kuti "mwatsika, kwezani" sikuthandiza, chifukwa oyimba sadziwa kuti atsikira pati. Kutsika sikuchitika paliponse mofanana, kumakhala ndi malo ake, ndipo ntchito yanu ndi kuwapeza. Malo oyamba ndi mizere yotsika. Munthu akamatsika amatenga masitepe aakulu kuposa oyenera, makamaka pa theka la sitepe lochokera pa do kupita pa ti ndi lochokera pa fa kupita pa mi, ndipo akamakwera amatenga masitepe operewera. Aphunzitseni kuti pokwera azitambasula mwendo, potsika aziponda pafupi. Malo achiwiri ndi notsi imodzi yobwerezedwa kangapo, imene nthawi zambiri imagwera alito ndi tena: kubwereza kulikonse kumagwa pang'ono pokhapokha woyimba aziganiza kuti notsi yotsatira ili pamwamba pang'ono pa yapitayo. Malo achitatu ndi mapeto a chiganizo chachitali, pamene mpweya watha. Palinso notsi imene woyimba amaifikira chokwawa kuchokera pansi m'malo moigwera pamwamba, ndiponso besi ikalumpha kutsika n'kupitirira malo ake, imene imakokera kwaya yonse pansi popeza onse akuyeza pa iyo.

Zifukwa zina si za manotsi. Kutopa, kutentha kwa chipinda, kukhala chowerama pa mpando, nyimbo yoyenda pang'onopang'ono mopitirira, ndi kusadziwa bwino nyimbo, zonsezi zimatsitsa mawu. Ngati nyimbo ina imatsika nthawi zonse ngakhale mwakonza malo onsewa, yesani kuikweza theka la sitepe, mwachitsanzo kuchoka pa F kupita pa F shapu. Kawirikawiri zimathandiza, chifukwa manotsi amachoka pamalo pamene mawu a oyimba amasinthira kuchoka pachifuwa kupita kumutu, ndipo thupi limataya chizolowezi chimene linali nacho. Kukwera mopitirira kumachitikanso, ngakhale si kawirikawiri, ndipo kumabwera chifukwa cha mantha kapena kukankha mawu mwamphamvu.

Tsopano tifike pa chinthu chimene ine ndimachiona kuti ndi mphoto yeniyeni ya kuyimba popanda choyimbira. Kodi ya do, mi ndi so ili ngati mafuwa atatu: limodzi likapendekeka, mphika sukhazikika. Kiyibodi inachunidwa mogawa okutevi m'magawo 12 ofanana kuti izitha kuyimba m'kiyi iliyonse, ndipo chifukwa cha chimenechi makodi ake ndi ongoyandikira. Mawu a anthu akhoza kufika pamalo penipeni. So woyera amagwedezeka katatu pamene do wagwedezeka kawiri, ndipo mi woyera amagwedezeka kasanu pamene do wagwedezeka kanayi. Mukagawa theka la sitepe m'magawo 100, mi woyerayu ali m'munsi mwa mi wa kiyibodi ndi magawo pafupifupi 14, pamene so woyera ali pamwamba ndi magawo awiri okha. Oyimba a mwambo wa barbershop ku United States, amene bungwe lawo linayambira ku Tulsa mu 1938, amasaka makodi oyera oterewa mwadala, chifukwa akagwirizana ndendende kumamveka ngati liwu lachisanu likulira pamwamba pa anthu anayi.

Komabe musauze oyimba wamba kuti atsitse mi, pakuti adzamutsitsa mopitirira ndipo mudzabwerera ku vuto la kiyi yotsika. Mangani kodi pang'onopang'ono. Mabesi agwire do, gulu limene lili ndi do wapamwamba lilowe, kenako la so, onse pa vawelo imodzi monga u, ndipo amvetsere kunjenjemera kumene kumamveka mawu awiri akasiyana pang'ono. Kunjenjemerako kukachedwa n'kuleka, ndiye kuti afika. Pomaliza alowe a mi, mofatsa kuposa enawo, akufunafuna pamene kodi ikhazikika. Kwaya imene yamva kukhazikika kumeneku kamodzi imayamba kukufuna yokha, ndipo kuyambira pamenepo disikodi, kutanthauza mawu osagwirizana, imawapweteka oyimba m'makutu musanawauze n'komwe. Chitani izi pa kodi yoyamba, yomaliza, ndi ina iliyonse imene imakhalitsa.

Katchulidwe, mpweya ndi kaimidwe

Makodi ambiri amene amamveka ngati olakwika amakhala kuti manotsi ali bwino koma mavawelo ndi osiyana. Ngati theka la kwaya likuyimba a wotambalala wa kumwetulira pamene theka lina likuyimba a wozama wa kukhosi, mawu sangalumikizane. Gwirizanani kaumbidwe ka a, e, i, o ndi u, nsagwada zili zomasuka ndipo lilime lili chigonere kutsogolo, ndipo muziyimba mavawelo asanuwa pa notsi imodzi pofunditsa mawu. Notsi imakhala pa vawelo, choncho konsonanti itchulidwe msanga, itsogole pang'ono kuti vawelo igwere pa biti penipeni. M'zilankhulo zimene mawu amathera ndi konsonanti, monga Chingerezi ndi Chijeremani, uzani kwaya biti imene s kapena t womaliza adzagwere, kopanda kutero adzamveka kambirimbiri. Samalaninso kuti phatikizo limene limatsindikidwa polankhula lisapeputsidwe poyimba, ndipo lomaliza, limene nthawi zambiri ndi lopepuka, lisamenyedwe.

Popuma, mapewa asakwere. Mpweya ulowe mwakachetechete, nthiti za m'munsi ndi mimba zitambasuke, ndipo utuluke mosamala mpaka chiganizo chithe. Lembani papepala pamene onse adzapumira, ndipo pakhale pamene tanthauzo la mawu likulola, osati pakati pa liwu. Pa ziganizo zazitali gwiritsani ntchito kupuma mosinthana: aliyense amapuma pa nthawi yosiyana ndi ya mnzake wa pambali, amachoka mwakachetechete pakati pa vawelo n'kubwereranso mofatsa, ndipo womvera amaganiza kuti kwaya sinapume konse. Kuyimba motsitsa kumafuna mpweya wogwiridwa bwino kuposa kuyimba mokweza, n'chifukwa chake magawo ofatsa ndi amene amatsika kiyi msanga.

Kaimidwe ka kwaya kamasintha zimene aliyense akumva. Mizere yowongoka imachititsa kuti wa kumapeto kuno asamve wa kumapeto uko, choncho pindani mizere ikhale ngati uta, ndipo besi ikhale kumbuyo kwa sopulano kapena pakati, pamene onse angaimve. Oyimba asapanikizane, pakhale kampata kakuti munthu azidzimva yekha komanso azimva anzake. Ku chigawo cha kumwera kwa United States kuli mwambo wakale wa manotsi a maonekedwe osiyanasiyana, umene oyimba amakhala m'mbali zinayi atayang'anizana, gulu lililonse mbali yake, pakati pali malo opanda kanthu pamene woyimbitsa amaima. Amayamba ayimba maina a manotsi asanayimbe mawu, amasinthana kuyimbitsa, ndipo sayimbira omvera koma amayimbirana okhaokha. Yesani kaimidwe kameneka pa pulakatisi ndipo mudzaona kuti magulu ayamba kumvana. Nyimbo ikadziwika bwino, sakanizani oyimba kuti aliyense aime pakati pa anthu a magulu ena. Tsiku loyamba ena adzasochera, koma ndi pamene mumadziwira amene akuidziwadi nyimbo ndi amene amangotsatira mnzake. Lamulo limene mungapatse aliyense ndi lakuti ngati sakumva woyimba wa pambali pake, ndiye kuti iyeyo akukweza mopitirira.

Inu woyimbitsa, manja anu achite zochepa koma zomveka. Chofunika kwambiri ndi biti yokonzekera, imene mumakweza dzanja mukupuma pamodzi ndi oyimba pa liwiro limene nyimbo iyendere, chifukwa imeneyo ndi imene imawauza nthawi yolowera ndi mphamvu yolowera nayo. Onetsani bwino podulira. Lankhulani mwachidule, chinthu chimodzi nthawi imodzi, ndipo mukaimitsa kwaya nenani chimene mukufuna chisinthe, osangoti "tibwerezenso". Kujambula pulakatisi pa foni n'kumvetsera muli nokha kumakuonetsani zimene simunazimve muli kutsogolo.

Pa za thanzi la mawu, funditsani mawu kwa mphindi khumi musanayambe, kuyambira pa kuyimba chotseka pakamwa ndi manotsi apakati, ndipo oyimba azimwa madzi okwanira. Mawu amapangidwa ndi timinofu tiwiri ta m'kholingo timene timatupa tikagwiritsidwa ntchito mwankhanza, choncho wodwala pakhosi apume, abwere kudzamvetsera chabe. Amene wasasa mawu kwa milungu yoposa itatu akaonane ndi dokotala.

Tsiku loyimba pagulu

Fikani msanga kuti muyese malowo. Chipinda chachikulu cha makoma olimba chimabweza mawu, ndipo mmenemo muyenera kuchepetsako liwiro, kutchula makonsonanti momveka ndi kudikira pang'ono pakati pa ziganizo kuti kodi yapita ithe kulira. Chipinda cha makatani ndi anthu ambiri chimameza mawu, ndipo oyimba amayamba kukankha chifukwa sakudzimva. Achenjezeni zimenezi pasadakhale. Pabwalo imani moyandikana ndipo pezani khoma kumbuyo kwanu. Nyimbo yoyamba ikhale imene kwaya imaidziwa bwino kuposa zonse, ndipo zovuta zikhale pakati, mawu atafunda koma asanatope. Musaike motsatizana nyimbo zambiri zoyenda pang'onopang'ono kapena za kiyi imodzi.

Konzekeraninso za ngozi. Gulu limodzi likasochera, lisiye kuyimba, limvetsere besi, n'kulowanso poyambira chiganizo chotsatira, ndipo muyenera kuyeserera zimenezi pa pulakatisi poimitsa dala gulu limodzi pakati pa nyimbo n'kulilozera kuti libwerere. Kiyi ikatsika pakati pa nyimbo ndipo onse atsikira pamodzi, musayese kuikokera m'mwamba, chifukwa theka lidzakutsatirani pamene theka lina lidzatsala. Tsirizani mmene muliri, ndipo mulize kachitoliro nyimbo yotsatira isanayambe. Koma ngati nyimbo yayambika pa kiyi yolakwika kwambiri, moti mukuona kuti masopulano sakafika pamwamba kapena mabesi sakafika pansi, imitsani kwaya m'chiganizo choyamba chomwecho, perekaninso do modekha, ndipo muyambirenso.